Kaputeni wa Doña Griselda

Mumsewu wathu, kumtunda kwa mzinda wa Iquique, panalibe wosadziwa kuti Doña Griselda Vilca anali ndi chibwenzi, ndiponso kuti chibwenzicho chinali chojambula. Sindikunena chithunzi cha munthu wamoyo ayi. Ndikunena mwamuna wa m'makatuni a ku Japan, wa inki ndi utoto, wa miyendo italiitali ngati mapolo a magetsi, maso aakulu okhala ndi tinyenyezi mkati, ndi mpango wachikasu m'khosi umene unkauluzika ngakhale iye ali m'chipinda chotseka mawindo. Dzina lake anali Kaputeni Leandro. Ankayendetsa chimunthu chachitsulo chachitali kuposa tchalitchi, n'kumapulumutsa dziko masana alionse.

Mayiwa ankagulitsa buledi m'chipinda chakumaso kwa nyumba yawo, ndipo buledi wawo anali wabwino. Koma nyimbo ya Kaputeni ikangoyamba pa tivi, chitseko cha sitolo chinkatsekeka, kaya mwabwera mukuthamanga, kaya mwana wanu akulira njala. Mukagogoda, mawu ankachokera mkati: "Dziko lili pangozi, aneba. Mubwere likapulumuka." Ana okha ndiwo ankadziwa kuti khomo la kukhitchini limakhala losakhoma, ndipo ankalowera kumeneko n'kukhala pansi mozungulira mpando wa mayiwa.

Tonse tinkaseka. Amene sankaseka anali mmodzi, amuna awo, Don Nibaldo Araya.

Don Nibaldo anali makaniko, munthu wamfupi, wa pamimba podzaza ndi manja osayera ngakhale pa Khirisimasi. Ali mnyamata, pofunsira Griselda, anathamangitsa msodzi wina ndi mphunzitsi wina amene ankazungulira pakhomo pa apongozi awo, ndipo ankaganiza kuti nkhondo zotero anathana nazo. Sankadziwa kuti wopikisana naye weniweni adzalowera pa waya wa padenga.

"Akanakhala wa nyama ndi mafupa ndikanamudikira pakona," ankadandaula kwa mnzawo wa kugalaja, Don Ruperto. "Nanga uyu ndimugwira pati? Ndikamenya tivi, wokonzetsa ndine ndemwe."

"Ingovomerani, achimwene, muli pamitala," ankayankha Don Ruperto, amene analibe chifundo ndi munthu. "Mwayi wanu ndi woti mwamuna mnzanuyo sadya."

"Sadya? Nanga firiji yanga anadya ndani?"

Nkhani ya firiji inali yoona. Chaka china banjali linagwirizana zogula firiji, ndipo Doña Griselda anapita okha kumasitolo a kudoko kukaisankha. Anabwerako ndi katoni yaing'ono m'khwapa, nkhope ili ngwee.

"Chela," anatero Don Nibaldo, poti ndi mmene ankawaitanira, "firiji ili kuti?"

"Firiji imasunga nyama ya mawa basi, mdala. Ichi ndi vidiyo. Chimasunga Kaputeni mpaka kalekale."

"Ndiye nsomba tiziika mmenemo?"

"Nsomba tizidya tsiku lomwelo, ngati anthu okhala kunyanja."

Kuyambira pamenepo matepi anayamba kuswana. Anadzaza kabati ya zovala, malaya a Don Nibaldo n'kusamukira pamsomali kuseri kwa chitseko. Anadzaza kunsi kwa bedi. Kenaka kunabwera zidole, zithunzi zomata pakhoma, makapu, ngakhale wotchi. Mayiwa sankasankha: ana amasiye olira, amphaka olankhula, zimphona zachitsulo, zonse ankajambula ndi kusunga, bola zikhale za ku Japan. Koma Kaputeni ndiye anali pamwamba. Chithunzi cha ukwati wawo, chimene chinali pakati pa khoma la pabalaza, chinayamba kusendera kumanzere pang'onopang'ono mpaka chinakafika pafupi ndi khomo la bafa.

"Mjapani wanji wotchedwa Leandro?" ankafunsa bambowa, akudya mgonero moyang'anizana ndi nkhope ya mnzawoyo. "Ngakhale dzina lake ndi labodza."

"Anamupatsa ndi amene anamasulira mawu ake. Kwawo ali ndi lina."

"Munthu wa mayina awiri ndi tambwali."

"Idya, mdala. Nsanje yako ikuziziritsa msuzi."

Doña Griselda atakhala oyembekezera, ananena poyera kuti mwanayo adzakhala Leandro. Don Nibaldo analumbira pamaso pa onse ogula buledi kuti iwo ali moyo, mwana wamwamuna wa m'nyumba ya Araya sadzatchedwa dzina la chojambula. Anakayatsa ngakhale kandulo kutchalitchi kupempha mwana wamkazi. Pemphero linayankhidwa. Kunabadwa mtsikana, bambowa anagulira galaja yonse vinyo, ndipo pamene ankafika kuchipatala akuyimba, anapeza anamwino akumuitana kale mwanayo kuti Leandra.

"Unalumbira za mwana wamwamuna," anatero Doña Griselda ali chigonere, maso ali tsinzi. "Za wamkazi sunanene kanthu."

Ataona kuti kukangana sikuthandiza, bambowa anaganiza zopikisana. Loweruka lina anachokera kumsika atamanga mpango wachikasu m'khosi, kunja kukutentha moti agalu anali atabisala kunsi kwa magalimoto. Anayima pakhomo la sitolo, chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, kudikira mphepo. Mphepo inabweradi, koma inangowathira mchenga m'maso. Mpango unakhalabe lende ngati nsanza yonyowa. Doña Griselda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati pakhosi pakupweteka, kukhitchini kuli ndimu ndi uchi. Ndipo choka pakhomopo, ukutchingira anthu."

Sanagonje. Lolemba anapita nawo mpangowo kuntchito. Atawerama pa injini ikulira, fani inagwira nsonga ya mpango n'kuwakoka mpaka mphuno inagunda chitsulo. Don Ruperto ndiye anathamanga kuudula ndi mpeni. Ataona kuti mnzawo akupuma, anawafunsa mwaulemu: "Kaputeni, dziko lapulumuka?" Kuyambira tsiku limenelo galaja yonse inkawaitana Kaputeni, ndipo munthu amene ankadana ndi dzinalo kuposa wina aliyense mu Iquique anayenda nalo mpaka imvi.

Ndiye kunabwera tsoka. Masana ena Kaputeni Leandro anagwa ndi chimunthu chake m'kamwa mwa phiri la moto, nyimbo n'kulira, ndipo mawa lake, nthawi yomweyo, pa tivi panaoneka mayi wina akuphunzitsa kaphikidwe ka keke. A kanema anali atangoisiya nkhaniyo panjira, osanena chifukwa. Doña Griselda anadikira sabata, anadikira mwezi. Buledi anayamba kutuluka wopserera. Ana a kukhitchini ankayenda mitu ili pansi ngati kwachitika maliro.

Don Nibaldo ankayimba mluzu pometa ndevu.

"Wapsa," anauza Don Ruperto. "Wapserera ngati buledi wa dzulo. Nyumba yabwerera kwa mwini wake."

Anafulumira kukondwa. Mayiwa anangobwerera ku tepi yoyamba n'kuyambiranso, ndipo sitolo inapitiriza kutsekeka masana monga kale. Choipa kwambiri chinali chakuti tsopano Kaputeni sanalinso ngwazi chabe. Anali munthu wosowa, wofunika kumudera nkhawa. Doña Griselda ankatha kuyima pakati pokanda ufa n'kuusa moyo.

"Ukuganiza chiyani, Chela?"

"Kaya anatulukamo."

"Ine ndinagwa m'dzenje la kugalaja chaka chatha. Unangoti ndisadetse machira."

"Iwe ndinakuona utatuluka."

Anafunsa aliyense. Amalinyero a sitima za ku Japan akatsika padoko kudzafuna mowa, ankapeza mayi wonenepa wa epuloni yoyera akuwadikira ndi chithunzi m'manja, akuloza nkhope ya Kaputeni ndi kujambula phiri m'malere ndi chala. Ena ankawerama mwaulemu n'kuthawa. Wina, poganiza kuti mayiwa ataya mwana, anawagwira dzanja n'kugwetsa misozi.

Patapita zaka, sitima zinayamba kutula magalimoto akale a ku Japan, ochuluka mpaka kusowa poimika, ndipo ntchito ya Don Nibaldo inasanduka yosamutsa chiwongolero kuchoka kumanja kupita kumanzere. M'magalimoto amenewo eni ake akale ankaiwalamo zinthu: maambulera, timitengo todyera, nsapato ya mwana, ndipo nthawi zina kabuku ka zithunzi, kachidole, kapena tepi. Doña Griselda anamva. Pasanapite nthawi amakaniko onse a mbali imeneyo anali antchito awo, ndipo malipiro anali empanada yotentha, kabuledi kokutira nyama mkati. Munthu asanagwire sipanala ankayamba wapisa dzanja kunsi kwa mipando. Don Ruperto ndiye anali kapitawo wawo, mpaka ananenepa.

"Yudasi," ankatero Don Nibaldo.

"Yudasi sanalawe empanada za akazi anu, achimwene."

Don Nibaldo okha ndiwo sankasaka. Ndipo monga zimakhalira, ndi iwo amene anapeza tepi ya mapeto a nkhani ija. Tsiku lina akutulutsa tayala lapadera m'galimoto ina yoyera, anaona kabokosi kapulasitiki katapanikizika pakona. Atapukuta fumbi, maso aja a tinyenyezi anawayang'ana. Kumbuyo kwake kunali phiri likulavula moto.

Anayima nthawi yaitali. Pafupi panali mgolo woponyamo zinyalala za mafuta, ndipo dzanja lawo linayamba kale ulendo wopita kumeneko. Chinawaletsa si chifundo ayi. Ankafuna kuona ndi maso awo mmene Kaputeni anafera.

Nthawi ya nkhomaliro anakokera Don Ruperto kunyumba kwa Rupertoyo, anatseka makatani, n'kuika tepi. Zonse zinali m'Chijapani, koma moto sufuna womasulira. Kaputeni anagwa. Don Nibaldo anawerama kutsogolo. Kaputeni anakomoka. Don Nibaldo anapukuta manja pa ovololo. Kenaka mtsikana wina wa magalasi, wa nkhope yodetsedwa ndi mafuta, amene ankakonza chimunthu chachitsulo chija kuyambira pachiyambi popanda womuyang'ana kawiri, anatsikira m'phirimo ndi chingwe n'kumukoka.

"Wamoyo," anatero Don Ruperto. "Pepani."

"Khala chete. Sizinathe."

Sizinathedi. Kumapeto kunagwa maluwa, kunalira mabelu, ndipo Kaputeni Leandro, mpango uli petupetu, anagwira dzanja la mtsikana wa magalasi uja, onse atavala zoyera. Don Nibaldo anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wamva kuti wobwera kudzawalanda nyumba wamangidwa.

"Wakwatira," anatero. "Ruperto, chigawengacho chakwatira."

Sanabwerere kugalaja. Anakwera phiri la kwathu pafupifupi akuthamanga, analowa m'sitolo anthu ali pamzere, n'kuika tepi pa tebulo la buledi ngati woweruza akuika chigamulo.

"Tseka sitolo, Chela. Ukaone zimene wakuchita mnzako."

Doña Griselda atayang'ana kabokosiko anakhala pansi pa thumba la ufa. Tepiyo anaika m'vidiyo ndi amuna awo. Mayiwa anayamba kuonera. Don Nibaldo sanayang'ane tivi. Ankayang'ana nkhope ya akazi awo, kudikira pamene mtima usweke. Mabelu atalira, misozi inayenderera. Bambowa anakonza pakhosi, okonzeka kutonthoza ngati mwamuna yekhayo wotsala.

Mayiwa anapukuta m'maso ndi epuloni.

"Waona?" anatero. "Nayenso wasankha makaniko. Anthu anzeru timatero."

Don Nibaldo anatsegula pakamwa, koma mawu amene anakonza njira yonse sanagwirenso ntchito. Anakhala pansi. Masana onsewo ankayenda m'nyumba ngati aledzera, akumwetulira makoma. Chimwemwe chinatha madzulo, pamene anapeza msewu wonse uli pabalaza pawo, mpando wawo utakhalidwa, tepi ikuonetsedwa kachitatu, ndipo anazindikira kuti munthu amene anasowa zaka zonsezo amubweza m'nyumba ndi manja awo omwe.

Onse atakalamba, achinyamata okonda makatuni anakonza msonkhano m'holo ina ya m'tauni, n'kuitanitsa kuchokera ku Mexico munthu amene ankalankhula mawu a Kaputeni m'Chisipanishi, Don Fulgencio. Doña Griselda anakapangitsa tsitsi. Anasoketsa diresi yatsopano, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wa Leandra.

"Ndipita nawo," anatero Don Nibaldo.

"Umadana nazo."

"Ndi chifukwa chake."

M'holomo munadzaza anyamata a tsitsi lobiriwira ndi atsikana a makutu a mphaka, ndipo ataona Doña Griselda anapatuka ngati kukudutsa bishopu. Ena ankawajambula, ena ankafunsa ngati n'zoona kuti ali ndi tepi ya phiri la moto. Don Nibaldo ankayenda pambuyo atanyamula chikwama cha akazi awo, popanda wowafunsa dzina.

Kenaka anamuona. Pa tebulo la kutsogolo panakhala kankhalamba ka dazi, kafupi kuposa iwo omwe, kakutafuna empanada ndi mano oikirira, mafuta akudontha pa malaya. Mtima wa Don Nibaldo unavina.

"Si uyo Kaputeni wako," ananong'ona. "Miyendo waisiya mundege?"

Doña Griselda anangopitirira. Atafika kutsogolo anatchula dzina lawo mwamanyazi ngati mwana wasukulu. Kankhalambako kanapukuta zala, kanagwira dzanja la mayiwa, kanatsinzina, ndipo m'kathupi kameneko munatuluka mawu aakulu, akuya, ngati sitima ikulowa padoko. Anali mawu amene Kaputeni ankanena kumapeto kwa nkhondo iliyonse.

"Pukutani misozi, Griselda. Dzuwa silinalowe."

Mayiwa anadzandira. Amene anawagwira kuti asagwe anali Don Nibaldo, chikwama chili m'khosi, mano ali kukutu.

Pambuyo pake bambowa anamupeza mlendoyo panja akupuma mphepo, n'kumuyandikira ngati wogula katundu wakuba.

"Bambo, pepani. Mawu amenewo mumawatulutsa pati?"

"M'mimba, bwana," anayankha Don Fulgencio, akuwayang'ana pamalaya. "Ndipo inu mimba muli nayo yokwanira."

Don Nibaldo anayeserera sabata yathunthu kugalaja, mutu uli m'mgolo wopanda kanthu. M'mawa wina anayima pakhomo la kukhitchini, anakoka mpweya mpaka batani linaduka, n'kuona kuti mwamwayi maso a akazi awo anali onyowa.

"Pukuta misozi, Chela. Dzuwa silinalowe."

"Lingalowe bwanji, langotuluka kumene," anatero mayiwa osatembenuka. "Ndipo ndikudula anyezi. Tola batanilo mdzukulu angameze."

Koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo Don Nibaldo anaona. Mpaka lero amanena kuti tsiku limenelo anawaseketsa, chinthu chimene Kaputeni, ndi miyendo yake yonse, sanachitepo.

Matenda anabwera mwakachetechete. Mayiwa anayamba kupumira pakati pa masitepe, kenaka kukhala pansi pogulitsa, kenaka kuchipatala. Don Nibaldo anasiya galaja n'kumakhala pa kampando pambali pa bedi, akuwadyetsa ndi supuni. Masana ena Doña Griselda anawakodola kuti ayandikire. Bambowa anawerama.

"Matepi anga usawaike padzuwa. Amapindika."

"Ndi zokhazo zoti undiuze, Chela?"

"Zinazo ukuzidziwa, mdala."

Anamwalira sabata yomweyo.

Pa maliro panabwera anthu amene sitinawaone kwa zaka. Ana a kukhitchini aja anali atakula: wina woyendetsa basi, wina namwino, wina loya wa dazi wochokera ku Santiago. Anayima mozungulira bokosi n'kuyimba nyimbo ya Kaputeni motsitsa mawu, wansembe akuyang'ana kudenga ngati sakumva. Asanatseke bokosi, Leandra anabwera ndi chidole chakale kwambiri cha Kaputeni, chothyoka mphuno, chimene chinkakhala pafupi ndi sikelo ya m'sitolo.

"Ababa, anthu akuti tiwaikire m'manja. Apite naye."

Don Nibaldo anachiyang'ana chidolecho. Anadzuka pampando.

"Apite naye kuti?"

"Ndi chidole chabe, ababa."

"Ndamupirira m'nyumba mwanga kuyambira iwe usanabadwe. Lero akagone pambali pa mkazi wanga mpaka tsiku lachiweruzo, ine ndikugona ndekha kuno? Ayi. Malo amenewo ndi anga. Adikire ngati mmene ndidikirire ine."

Anthu sanadziwe kuti aseke kapena ayi. Don Ruperto ndiye anayamba, kuseka kwake n'kusanduka kulira, ndipo ena onse anatsatira. Don Nibaldo analanda chidolecho n'kuchiika m'thumba la jekete. Anayenda motero kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda, kamutu ka Kaputeni katasuzumira panja.

Msewu wathu unaphwa. Kale mukadutsa pa nyumba imeneyo mumamva mizinga, kukuwa kwa Chijapani, ndi mawu a mayi akulangiza anthu a pa tivi kuti ayang'ane kumbuyo. Tsopano mumangomva wailesi ya aneba ndi agalu. Amakaniko akapeza kachidole kunsi kwa mpando amakatembenuza m'manja, osadziwa kopita nako, n'kukaika pawindo la galaja. Pawindopo padzaza.

Osonkhanitsa zinthu zakale akhala akubwera kuchokera kutali, aulemu, a nsapato zoyera, kudzapempha kuti agule matepi. Don Nibaldo amawalandira pakhomo atagwira sipanala.

"Koma bambo, inu simuzikonda," wina anayesa kuwanyengerera.

"Sindizikonda. Ndiye zikukhudzani bwanji?"

Mawindo a pabalaza anawaphimba ndi nsalu zochindikala, ndipo fumbi amapukuta okha, tepi iliyonse payokha, akung'ung'udza. Chidole chija amakhala nacho pa tebulo la kukhitchini. Aneba amati amawamva akukangana nacho pa nthawi ya tiyi.

Kumanda amapita okha, atameta, atanyamula maluwa. Asanatuluke amachitsekera chidolecho m'kabati n'kuika kiyi m'thumba. Don Ruperto, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anawaperekeza ulendo wina mpaka pageti, ndipo pobwerera anawafunsa zimene amakamba kumeneko nthawi yaitali chonchija.

"Zathu," anatero Don Nibaldo. "Za Leandra, za zidzukulu, za bondo langali."

Atayenda pang'ono, Don Nibaldo anawonjezera:

"Koma ndimayamba ndamuuza kuti mnzakeyo ali bwino. Ndikapanda kutero sangandimvere zinazo."